Kuyeza Kamu Pokonza Injini ya Njinga Yamoto ya M'tchire

Munthu akamasula injini ya njinga yamoto yaing'ono ya m'tchire, kaya ndi Honda CRF50F, XR100, Yamaha TT-R125 kapena Kawasaki KLX110, maso ake amathamangira pa pisitoni ndi maring'i, chifukwa utsi ndi kufooka kwa injini kawirikawiri zimayambira kumeneko. Kachitsulo ka m'hedi kotchedwa camshaft, kapena kamu mwachidule, ambiri amangokapukuta ndi kansanza, kukayang'ana padzuwa n'kukabwezera m'malo mwake. Komatu kamu ndi imene imalamula nthawi yoti injini ikoke mpweya, kuchuluka kwa mpweyawo, ndi nthawi yoti itulutse utsi. Ikadyeka ndi gawo lochepa la milimita diso silioona kanthu, koma injini imatsala ndi mphamvu zoperewera ngakhale pisitoni ili yatsopano.

Mafunso ndi awiri

Woyeza kamu amakhala akufuna yankho la limodzi mwa mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, kodi kamu imene yatuluka mu injiniyi yatha kapena ibwerere? Lachiwiri limabwera pakakhala kamu ziwiri patebulo, ina yakale, ina yogula m'shopu ya masipeya kapena yozula mu injini ina: kodi ndi zofanana, ndipo ngati si zofanana, injini idzasintha bwanji kachitidwe kake? Funso loyamba limayankhidwa ndi micrometer, chida choyezera kukula kwa zitsulo molondola, ndi buku la fakitale m'mphindi zochepa. Lachiwiri micrometer payokha singaliyankhe. Zolakwika zambiri zimayamba munthu akatenga muyeso wa funso loyamba n'kuyankhira lachiwiri.

Zonsezi zikukhudza injini za four-stroke zokha. Njinga za two-stroke, monga Yamaha PW50, YZ85 kapena DT125 imene ambiri kuno anaizolowera, zilibe kamu. Pisitoni yomweyo ndi imene imatsegula ndi kutseka mabowo a m'silinda.

Mmene kamu imagwirira ntchito

Injini ya four-stroke imamaliza ntchito yake pisitoni ikayenda maulendo anayi: kutsika pokoka mpweya wosakanikirana ndi petulo, kukwera popanikiza, kutsika pokankhidwa ndi moto, ndi kukweranso potulutsa utsi. Pa maulendo anayiwa crankshaft imazungulira kawiri, madigiri 720, koma valavu iliyonse iyenera kutseguka kamodzi kokha. N'chifukwa chake kamu imayenda theka la liwiro la crankshaft. Sipuloketi ya pa kamu imakhala ndi mano owirikiza kawiri mano a sipuloketi ya pansi, ndipo ziwirizi zimalumikizidwa ndi katcheni ka timing. Injini ikamazungulira ka 8,000 pa mphindi, valavu iliyonse imatseguka ndi kutseka pafupifupi ka 67 pa sekondi imodzi.

Pa kamu pamakhala zotupa ziwiri zotchedwa ma lobe, ina ya valavu yolowetsa mpweya, ina ya valavu ya ekizozi. Lobe imaoneka ngati dzira. Mbali yake yobulungira bwino, yotchedwa base circle, ikakhala moyang'anizana ndi rocker, kamkono kamene kamakankha valavu, valavuyo imakhala yotseka. Kenako pamabwera kamtunda kakang'ono kwambiri, komwe ntchito yake ndi kutseka pang'onopang'ono mpata wa tapeti, wa pakati pa rocker ndi valavu, kuti rocker isamenye valavu mwadzidzidzi. Kuchokera pamenepo mbali ya lobe imakwera msanga mpaka kunsonga, kumene valavu imatseguka kotheratu, ndipo tsidya linalo imatsika kubwerera ku base circle.

Maonekedwe amenewa amafotokozedwa ndi manambala anayi. Lift ndi mtunda umene valavu imayenda kuchoka pa mpando wake. Duration ndi madigiri a crankshaft amene valavu imakhala yotseguka. Centerline ndi malo amene pakati pa lobe pamagwera poyerekeza ndi pamene pisitoni ili pamwamba penipeni, malo otchedwa TDC. Overlap ndi kanthawi kamene mavalavu onse awiri amakhala otseguka pang'ono, ya ekizozi ikutseka, yolowetsa ikutseguka.

Kumene injinizi zachokera

Nikolaus Otto anapanga injini ya four-stroke yogwira ntchito ku Germany mu 1876. Kwa zaka zambiri kamu ya njinga zamoto inkakhala pansi, pafupi ndi crankshaft, n'kumakankha mavalavu a m'mbali mwa silinda, kapena a m'hedi kudzera mu tizitsulo titalitali totchedwa ma pushrod. Opikisana liwiro anaona kuti tizitsuloti timalemera ndi kupindika injini ikathamanga kwambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1920 makampani a ku Britain monga Velocette ndi Norton anakwezera kamu m'hedi. Norton CS1 ya mu 1927 ndi imodzi mwa njinga zodziwika za nthawiyo.

Honda Super Cub yoyamba, ya mu 1958, inali ya ma pushrod. M'zaka za m'ma 1960 Honda inasinthira injini zake zazing'ono ku kamu ya m'hedi yoyendetsedwa ndi tcheni. Injini yogona ya Super Cub imeneyi ndi kholo la Z50 ndi CRF50F, komanso la injini zambirimbiri zopangidwa ku China ndi makampani monga Lifan, Zongshen ndi Loncin. XR75, imene inatuluka mu 1973 ndi silinda yoimirira, inabala XR80 ndi XR100. Mbiriyi ili ndi ntchito kwa wokonza injini: kamu za m'banja limodzi zimafanana kunja, zina zimalowa ndithu m'hedi ya inzake, koma ma lobe ake si amodzi.

Honda yomweyo inabwereranso m'mbuyo mwadala chapakati pa zaka za m'ma 1970. Akatswiri ake atayendera mayiko ongotukuka kumene anapeza kuti eni njinga ambiri sankasintha oyilo m'nthawi yake, ndipo kamu za m'hedi zinkadyeka msanga. Yankho lawo linali CG125, imene kamu yake ili pansi pafupi ndi oyilo, imayendetsedwa ndi magiya, ndipo ili ndi lobe imodzi yokha yotsegula mavalavu onse awiri. Njinga zambiri za kabaza zimene zikuyenda m'misewu yathu zili ndi injini zotengera kapangidwe kameneka.

Luso losema kamu kuti injini ithamange linakula padera. Ku California kunali Ed Winfield ndi Ed Iskenderian, ku Japan kunali Hideo Yoshimura, amene anayamba bizinesi yake mu 1954 ndipo anatchuka ndi kusema kamu pamanja. Aliyense ankayeza mwanjira yake, ndipo kusiyana kumeneko kudakalipo m'manambala amene ogulitsa amalemba lero.

Kuyeza ngati kamu yatha

Diso ndi chala zimayamba. Kamu imapangidwa ndi chitsulo chimene kunja kwake kokha ndi kolimbitsidwa. Khungu lolimbalo likabooka, chitsulo cha mkati chimadyeka mofulumira. Timaenje pansonga, mizere yokalika imene chikhadabo chimakodwamo, mtundu wobiriwira wosonyeza kupsa, kapena kamlomo m'mphepete mwa lobe pamene rocker sinkafika, zonsezi ndi zokwanira kuichotsa kamuyo ngakhale muyeso utakhala wabwino.

Kenako pamafunika micrometer. Ma lobe a injini zimenezi nthawi zambiri amapitirira 25 mm kutalika, choncho micrometer yoyenera ndi ya 25 mpaka 50 mm, ndipo iyambe yayesedwa pa kachitsulo kake ka 25 mm kuti ioneke ngati ikuwerenga zoona. Kamu ikhale yotsuka, youma ndi yozizira. Amayeza kuchokera kunsonga kufika kumsana wa base circle, akugwedeza kamu pang'ono mpaka atapeza nambala yaikulu kwambiri, ndipo amatseka micrometer ndi kachogwirira ka kumapeto kolira kuti kufinya kukhale kofanana nthawi zonse. Ayeze malo atatu m'lifupi mwa lobe, chifukwa rocker yopendekeka imadya mbali imodzi. Vernier imathandiza kusiyanitsa kamu za mitundu yosiyana, koma poweruza kudyeka siyodalirika: nsagwada zake zimapendekeka pa chitsulo chobulungira, pomwe kusiyana kwa lobe yatsopano ndi yotha, malinga ndi mabuku a fakitale, kawirikawiri sikufika theka la milimita.

Nambala yopezekayo imayerekezedwa ndi malire a m'buku la fakitale, ndipo bukulo likhale la njinga yomweyo ndi chaka chomwecho. Njinga ya dzina limodzi imatha kusinthidwa kamu pakapita zaka, kapena kukhala ndi kamu yosiyana malinga ndi dziko limene inagulitsidwa.

Pamene kamu imazungulirapo m'pofunika mofanana ndi ma lobe, ndipo m'pamene anthu amaiwala. Injini zina zili ndi maberingi a timipira kumapeto onse a kamu. Amenewa amayesedwa powazunguza ndi chala, ndipo akamalira, kukakamira kapena kugwedera, asinthidwe. Injini zina, makamaka za Honda zakale, kamu imazungulira pa aluminiyamu wa hedi weniweniyo, popanda china pakati koma oyilo. Apa amayeza kukula kwa kamu ndi kukula kwa bowo n'kuchotsera. Ngati bowolo ndi logawika pakati, amagoneka pa kamu kaulusi kapulasitiki kotchedwa Plastigauge, kumanga mabawuti pa mphamvu yolembedwa m'buku osazunguza kamu, kumasula, n'kuwerenga mmene kaulusiko kaphwatalalira. Mpata ukakula, kamu imadumpha nthawi iliyonse imene lobe yakankha rocker, matapeti sakhazikika ngakhale achunidwe kangati, ndipo oyilo amathawira pampatapo. Pa njinga zakale monga CB125S, zimene mapointi ake ali kumapeto kwa kamu, kugwederako kumasokonezanso nthawi ya moto wa pulagi. Kamu yatsopano m'hedi yodyeka sithetsa vuto lililonse mwa amenewa.

Kupindika amakuyeza pokhazika kamu pa zitsulo ziwiri zosemedwa ngati V n'kuizunguza pansi pa dial gauge. Kamu zazifupi ngati izi sizipindika wamba, koma ngati pisitoni inagundapo valavu kapena tcheni chinadumpha mano, muyesowu usalumphidwe. Ma rocker nawo ayang'anidwe: nkhope yokhudza lobe, bowo lake, kachitsulo kamene amagwedezekerapo, ndi nsonga ya sikuluwu yochunira.

Chimene chimadya kamu

Pafupifupi nthawi zonse gwero lake ndi oyilo. Kamu ya m'hedi ndi imene ili kutali kwambiri ndi pampu. Oyilo amakwera kudzera m'kabowo kakang'ono ndi m'njira yopyapyala yodutsa m'silinda, ndipo kachidutswa ka gasiketi yakale kapena ka silikoni wopakidwa mowirikiza n'kokwanira kutseka njirayo. Injini zimenezi zimasunga oyilo wokwana pafupifupi lita imodzi kapena wocheperapo, ndipo zambiri zilibe fyuluta yapepala. Zili ndi kasefa kawaya, zina n'kuwonjezera kachimbale kozungulira kamene kamaponyera zinyalala m'mbali. Njinga ya m'tchire imakhala m'fumbi, ndipo fyuluta ya mpweya ikang'ambika kapena ikauma, fumbilo limathera mu oyilo n'kumapala zitsulo.

Pakati pa nsonga ya lobe ndi rocker pali kupanikizana kwakukulu kuposa malo ambiri mu injini, ndipo oyilo wa pamenepo ndi wopyapyala kwambiri, makamaka injini ikamalira pang'onopang'ono. Masipuling'i olimba mopitirira muyeso amawonjezera kupanikizanako. Tapeti yothina, yopanda mpata, imasiya rocker ikukhuza lobe mosalekeza n'kupukuta oyilo. Wopeza kamu yodyeka asathamangire kugula ina asanapeze chimene chinaidya, apo ayi yatsopanoyo idzatsata njira yomweyo.

Kuyerekeza kamu ziwiri

Msampha waukulu uli pa kutalika kwa lobe. Nambala ya micrometer ija ndi zinthu ziwiri zophatikizana: kukula kwa base circle ndi lift ya lobe. Kuti lift ipezeke, amayezanso lobe chopingasa, kumene kumapereka base circle, n'kuchotsera. Tiyerekeze kamu ziwiri. Yoyamba yatalika 27.0 mm ndipo base circle yake ndi 21.5 mm, lift yake ndi 5.5 mm. Yachiwiri yatalika 26.2 mm koma base circle yake ndi 20.0 mm, lift yake ndi 6.2 mm. Woyeza kutalika kokha adzati yachiwiriyo yadyeka n'kuitaya, chonsecho ndi imene imatsegula valavu kwambiri. Izi zimachitika kawirikawiri, chifukwa njira yosavuta yosandutsira kamu wamba kukhala yothamanga ndi kusema base circle kuti ichepe, nsonga n'kuisiya pafupifupi pamene inali.

Muyeso wopingasawu ulinso ndi malire ake. Pa kamu ya duration yaitali, timitunda toyambira tija timatambasuka kupitirira theka la mzungulo wa kamu, ndiye micrometer imagwira pamene lobe yayamba kale kukwera, base circle n'kuoneka yaikulu, lift n'kuoneka yaing'ono. Njira yolondola ndi kuzunguza kamu pansi pa dial gauge n'kuwerenga kuchokera potsika kwambiri kufika pokwera kwambiri. Kamu zina zili ndi kachipangizo kochepetsa kupanikiza poliza injini, kamene kamatukula pang'ono rocker ya ekizozi. Kameneka kasawerengedwe ngati gawo la lobe.

Lift ya lobe sinakhalebe lift ya valavu. Pakati pake pali rocker, imene mikono yake iwiri si yofanana kutalika, ndipo malo amene lobe imaikhudza amasuntha pamene kamu ikuzungulira. N'chifukwa chake ma lobe a injini za ma rocker ambiri si ofanana mbali zonse ziwiri, ndipo kamu yosemedwera rocker yokhala ndi kagudumu singagwire bwino ndi rocker ya nkhope yoterereka. Choncho kuyerekeza koona kumachitikira mu injini, kamu zonse ziwiri zikuyezedwa m'hedi imodzi, ndi ma rocker amodzi, pa mpata wa tapeti umodzi.

Pamafunika chimbale cha madigiri chomangidwa ku crankshaft, kawaya kolozera, ndi dial gauge yokhazikidwa pa chipewa cha sipuling'i ya valavu, moongoka ndi mtengo wa valavuyo. Ntchito yoyamba ndi kupeza TDC yeniyeni. Chizindikiro cha T pa flywheel n'chokwanira pochuna matapeti, koma apa n'chosakwanira, chifukwa pisitoni ikafika pamwamba imakhala ngati yaima kwa madigiri angapo. Amalowetsa chotchinga m'bowo la pulagi, mavalavu atamasulidwa kuti asachigunde, n'kuzunguza injini ndi dzanja mpaka pisitoni itagunda. Amawerenga, kenako kuzunguza chobwerera mpaka itagundanso. TDC ili pakati penipeni pa manambala awiriwo. Ngati mbali ina yawerenga 28 ina 32, kawaya kasunthidwe mpaka mbali zonse ziwerenge 30.

Akachotsa chotchingacho amazunguza injini kumene imalowera ikamalira, osati chobwerera, kuti tcheni chikhale chokoka monga mwa nthawi zonse. Amalemba digiri imene valavu yafika 1 mm potseguka ndi imene yatsala 1 mm potseka. Mwachitsanzo, valavu yolowetsa itseguke madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba, itseke madigiri 40 pisitoni itadutsa pansi. Duration ndi 10 kuphatikiza 180 kuphatikiza 40, yomwe ndi 230. Theka lake ndi 115. Kuchotsapo 10 uja kwatsala 105, ndipo imeneyo ndi centerline. Valavu ya ekizozi ikatseguka madigiri 40 pisitoni isanafike pansi n'kutseka madigiri 10 itadutsa pamwamba, duration yake ndi 230, centerline 105, ndipo overlap ndi 10 kuphatikiza 10, madigiri 20.

Wofuna kudziwa zambiri alembe lift pa madigiri 10 alionse n'kujambula mzere papepala la timabokosi, kamu zonse ziwiri pa pepala limodzi. Ntchitoyi imadya nthawi koma imaonetsa zimene manambala anayi aja amabisa: kamu ziwiri zikhoza kufanana lift ndi duration, koma ina yotsegula mofulumira n'kukhalitsa pamwamba, ina yokwera mwaulesi. Yoyambayo imalowetsa mpweya wambiri, komanso imavutitsa masipuling'i ndi ma rocker.

Chifukwa chake manambala a ogulitsa sagwirizana

Valavu siyamba kutseguka mwadzidzidzi, choncho woyeza aliyense amasankha yekha msinkhu umene ayambire kuwerenga. Mafakitale a ku Japan amakonda 1 mm. Ku America anazolowera 0.050 inchi, yomwe ndi 1.27 mm, muyeso umene Harvey Crane wa kampani ya Crane Cams amatchulidwa nawo kawirikawiri, ngakhale osema kamu za njinga ena kumeneko amagwiritsa ntchito 0.040 inchi, pafupifupi 1 mm. Palinso duration yotsatsira malonda, yowerengedwa valavu itangosuntha pang'ono chabe, imene imaposa inzakeyo ndi madigiri makumi angapo pa kamu yomweyo. Ena amayeza palibe mpata wa tapeti, ena ndi mpata. Ena amalemba lift ya lobe, ena ya valavu. Duration yolembedwa popanda kunena msinkhu woyezera siuza wogula kanthu.

Zodziwika ndi zotsutsana

Pali mfundo zimene okonza injini amagwirizana. Mwa nthawi zinayi zotsegulira ndi kutsekera mavalavu, yofunika kwambiri ndi yotsekera valavu yolowetsa. Injini ikathamanga, mpweya wa m'paipi umakhala ndi liwiro ndipo umapitiriza kulowa ngakhale pisitoni yayamba kukwera. Kutseka mochedwa kumaupatsa mpata. Injini ikamayenda pang'onopang'ono liwirolo palibe, ndipo pisitoni imabwezera mpweya wina ku kabyuleta. Choncho duration yaitali imasamutsira mphamvu kumwamba, pa liwiro lalikulu la injini, n'kuchepetsa ya pansi. Overlap yaikulu imachitanso chimodzimodzi ndipo imasokoneza kalilidwe ka injini njinga ikaima. N'zodziwikanso kuti lift ikafika pafupifupi gawo limodzi mwa anayi a kukula kwa mutu wa valavu, mpata wozungulira valavuyo umafanana ndi bowo lake, ndipo kuchokera pamenepo chimene chimatchinga mpweya ndi njira ya m'hedi. Pa valavu ya 23 mm, malo amenewa ndi pafupifupi 5.75 mm.

Mkangano woyamba ndi wa kukula kwa kamu yoyenera injini yaing'ono. Ena amati injini ya 50 kapena 100 cc ilibe mphamvu ya pansi yoti n'kuiteteza, bola izungulire kwambiri. Ena amati njinga ya m'tchire imakhalira kutuluka m'makona, kukwera zitunda ndi kudutsa mumchenga, kumene mphamvu ya pansi ndi imene imagwira ntchito. Onse ali ndi mbali yoona, koma kwa mwana amene akuphunzira kapena woyenda m'tinjira ta m'mapiri, gulu lachiwirili ndi limene likunena zomuthandiza. Kamu yaikulu imabweza phindu pokhapokha silinda itakulitsidwa, kupanikiza kutakwezedwa, ndipo kabyuleta ndi ekizozi zitasinthidwa molingana nayo. Ikaikidwa yokha mu injini wamba, kawirikawiri njinga imalira mwaukali koma n'kumachedwa ponyamuka.

Wachiwiri ndi wa ma rocker akale pa kamu yatsopano. Osema kamu ambiri amalamula kuti ma rocker akhale atsopano kapena okonzedwanso nkhope, chifukwa lobe ndi rocker zimadyerana mpaka kuzolowerana, ndipo rocker yakale imakhudza lobe yatsopano pa kachigawo kakang'ono. Amakaniko ena amabwezera akale ngati nkhope ili yosalala, ndipo nthawi zambiri zimayenda. Pamene palibe kutsutsana ndi apa: rocker imene inayenda ndi kamu yodyeka isabwerere.

Wachitatu ndi wa kamu yosemedwanso. Oikonda amati chitsulo cha fakitale yoyamba n'chabwino kuposa cha kamu zotchipa zopanda dzina. Oikana amati kusema kumatha kudutsa khungu lolimba, ndipo base circle yaing'ono imapendeketsa rocker n'kutulutsa sikuluwu yochunira kutali. Njira ina ndi kuwotcherera chitsulo cholimba pa lobe n'kusemanso, zimene zimasunga base circle koma zimadula. Chimene chimasiyanitsa yabwino ndi yoipa ndi luso la wosemayo, ndipo micrometer siyeza kulimba kwa chitsulo. Ichi ndi chofooka cha miyeso yonse ya pa galaja: kamu yotchipa ikhoza kulondola manambala onse koma n'kukhala yofewa.

Wachinayi ndi wa kachunidwe. Ena amachuna kamu potsata centerline, ena potsata madigiri otsegulira ndi kutsekera. Pa lobe yofanana mbali zonse njira ziwirizi zimakumana, koma pa yosafanana mbali zimasiyana, ndipo chanzeru ndi kutsata njira imene wosema kamuyo anagwiritsa ntchito. Kusuntha kamu patsogolo ndi madigiri awiri kapena anayi kumawonjezera pang'ono mphamvu ya pansi, kuibweza m'mbuyo kumathandiza ya pamwamba. Izi sizingachitike podumphitsa dzino: pa sipuloketi ya mano 28 dzino limodzi ndi madigiri a crankshaft opitirira 25, pa ya mano 32 ndi 22.5. Pamafunika sipuloketi ya mabowo otalikitsidwa. Tcheni chotanuka, hedi yopalidwa kapena gasiketi yopyapyala zimachedwetsa kamu pazokha, ndipo n'chifukwa chake kamu yabwinobwino imatha kuwerenga madigiri osiyana ndi a papepala lake.

Injini isanalire

Kamu ya lift kapena duration yoposa yakale imafuna malo, ndipo malowo ayenera kuyezedwa. Valavu ikatseguka kotheratu, mawaya a sipuling'i asagundane. Okonza ambiri amasiya mpata wa 1 mm kapena kuposerapo. Chipewa cha sipuling'i chisafike pa labala wa pa mtengo wa valavu. Rocker isakhudze hedi kapena chivundikiro. Mavalavu awiriwo asakumane pa nthawi ya overlap, makamaka ngati aikidwa akuluakulu. Pisitoni ndi valavu zimayandikana kwambiri osati pa lift yonse, koma pafupi ndi TDC ya overlap: ya ekizozi madigiri pafupifupi 10 pisitoni isanafike pamwamba, yolowetsa madigiri ngati omwewo itadutsa. Amamata dongo lofewa la pulasitisini pamutu pa pisitoni, kumanga hedi ndi gasiketi yake, kuzunguza injini ndi dzanja kawiri, kumasula, kudula dongolo n'kuyeza potsala. Injini ikalimba penapake pozunguza, asaikakamize.

Pomanga komaliza ma lobe ndi ma rocker apakidwe mafuta omangira injini. Mabuku a Honda amatchula oyilo wosakaniza theka ndi theka ndi girizi wa molybdenum. Oyilo wa mu injini akhale wa njinga zamoto, wa muyezo wa JASO MA, chifukwa kalachi imasamba mu oyilo yemweyo. Matapeti amachunidwa injini ili yozizira, popeza aluminiyamu amafutukuka ndi kutentha pafupifupi kawiri kuposa chitsulo. Pa CRF50F ndi XR100 mpata wa fakitale ndi 0.05 mm, koma kamu yogula padera imabwera ndi mpata wake, wogwirizana ndi timitunda take toyambira, ndipo umenewo ndi woyenera kutsatidwa.

Injini ikangolira, wokonza atsegule kachivundikiro ka tapeti aone ngati oyilo wafika m'hedi. Ngati sanafike m'masekondi ochepa, azimitse. Osema kamu ambiri amalangiza kuti mphindi zoyamba injini isasiyidwe ikulira pansi kwambiri, kuti oyilo azifika wokwanira pa ma lobe. Ikazizira mpata wa tapeti uyezedwenso n'kulembedwa, ndipo izi zibwerezedwe pakasinthidwa oyilo. Mpata ukamakula muyeso uliwonse, lobe kapena rocker ikudyeka. Ukamachepa, valavu ikumira mu mpando wake, ndipo vutolo lili m'hedi, osati pa kamu.